Mizere ya M'chipululu

Ganizo lochoka m'dziko muno linandibwerera Lachiwiri lina m'mawa, ndili pa chitsa kuseri kwa nkhokwe, ndikumvetsera nkhani imene sinali yoti ine ndimve. Ankalankhula anali a Jelasi, malume awo a akazi anga. Iwo ndiwo mwini mbumba m'mudzi wa akazi anga kufupi ndi Ludzi, kumene ine ndinabwera kudzakhala chikamwini kalekale. A Jelasi sadziwa kunong'ona. Akamalankhula ali kudambo, ansembe kumishoni amayamba aimitsa ulaliki mpaka iwo atamaliza. Izi n'zoona, funsani aliyense amene amapemphera kumeneko.

"Iwe Nabanda," iwo anatero kwa akazi anga, "dimba lija silingamangokhala m'manja mwa anthu othirira ndi kheni yobooka. Mwamuna wa mng'ono wako wagula pampu. Amuna akowa ndikuwapatsa zilimwe ziwiri. Akapanda kuonetsa kanthu, dimba ndipereka kwa amene ali ndi pampu."

Akazi anga anangoti, "Ndamva, a malume."

Dimba limenelo anawasiyira ndi malemu mayi awo, ndipo ndilo linkatidyetsa. Ine ndinagwira ntchito ya fodya zaka zambiri pa esiteti ina ku Mlonyeni. Esitetiyo itasiya fodya, inatisiyanso ife. Ndinayesa maganyu ku Chipata, poti kwathu kuno malire ali pafupi kwambiri moti nkhuku zathu zimadya ku Malawi n'kukaikira mazira ku Zambia, koma zimene ndinkabwera nazo zinkathera pa sopo ndi mchere. Tomato ndi mpiru wa m'dimbamo ndiwo ankalipirira mwana wathu Chisomo kusukulu. Mkamwini amene walephera kuteteza dimba la mkazi wake sathamangitsidwa ayi. Amangosiya kupatsidwa mpando pamaliro, amaima chiimire mpaka kumanda. Ndinadzuka pa chitsa paja n'kunena mumtima kuti ndikupita. Kumene ndikupitako sindinkakudziwa.

Amene anandiuza za ofesi ya zantchito, ija timaitcha kuti kuleba, anali wakabaza wina. Anati kumeneko akulemba anthu osowa ntchito, ena akupita kukalima kunja. Ndinapita paboma Lolemba lotsatira, nditavala jekete yaukwati imene mabatani ake anali atasiya kugwirizana ndi mimba yanga, osati chifukwa chonenepa koma chifukwa jeketeyo inafota ndi manyazi.

Mu ofesimo ndinapeza Mayi Nyirenda, mayi wamfupi wa magalasi, wochokera kumpoto, amene boma linawatumiza kudzagwira ntchito kuno. Mayi ameneyu sindinamuonepo akuseka, ndipo ndinayesetsa.

"Mumadziwa ntchito yanji, bambo?"

"Mizere, mayi."

"Mizere yokha?"

"Yokha, koma yowongoka. Mukaima kumayambiriro kwa mzere wanga n'kusuzumira, mumaona munthu akutsuka mano ku Chipata."

Analemba kanthu pafomu. "Ndalemba kuti mlimi. Pasipoti muli nayo?"

Ndinawauza chuma changa chonse: nkhuku zitatu, wailesi yopanda batire, ndi njinga imene tcheni chake chinali kwa mlamu wanga. Sanadabwe. Anandifotokozera kuti kwa munthu wosowa ntchito amene wapezeredwa malo kudzera mu ofesi yawo, pali thandizo la pasipoti, kuyezetsa m'thupi kuchipatala, ndi ulendo wa ku Lilongwe, ndipo ndege amalipira ndi olemba ntchito. Apa sindichita nthabwala. Popanda thandizo limenelo ine sindikanafika ngakhale pakhomo la ofesi ya mapasipoti. Ndikanagulitsa nkhuku zonse zitatu n'kupeza ndalama ya chithunzi chokha.

Ndinadikira miyezi inayi. Ndinapita kuofesiko kambirimbiri moti benchi ya panja inaphunzira maonekedwe anga, mpaka lero munthu wina akakhalapo imalira. Mayi Nyirenda sanatope nane. Anandiwerengera kontirakiti yonse tsamba ndi tsamba m'Chichewa, n'kundifunsa mafunso ngati a katekisimu kuti aone ngati ndamva. Anandichenjeza za madobadoba oima panja pa mpanda, kuti munthu aliyense wondipempha ndalama kuti dzina langa liyende msanga ndi wakuba. Tsiku lomaliza analemba nambala ya foni yawo kuseri kwa kontirakitiyo.

"Kukavuta, muimbe. Musathawe pantchito, musabisale, muimbe. Ndipo a Mbewe, khasu musatenge. Kumeneko salima ngati kuno."

"Ndamva, mayi."

Khasu ndinatenga. Ndinaligulula mpini, n'kulikulunga m'chitenje cha akazi anga, n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi. Munthu akupita kukalima asiye khasu? Ndinaganiza kuti mayiyo ndi wa mu ofesi, za kumunda sazidziwa.

Potsazikana pasiteji, akazi anga anati, "Bambo a Chisomo, musamandilembere. Muzitumiza mawu pafoni, ndizimva ngati mukunama."

"Mumadziwa bwanji ndikamanama?"

"Mumalumbira."

"Nanga ndikamanena zoona?"

"Mumalumbiranso. Koma mawu amatsika."

Dziko limene ndinapitalo ndi la chipululu, kutsidya kwa nyanja yamchere. Dzuwa lakumeneko si ili tili nalo kuno, ndi mkulu wake. Ndinachapa malaya tsiku loyamba, ndipo anauma ndisanamalize kuwafinya, moti ndinachita kuwanyowetsanso kuti ndiwayanike mwaulemu. Famuyo inali yaikulu, ya tomato, anyezi ndi tsabola. Tinkagona anthu anayi m'chipinda, aliyense wa dziko lake ndi chilankhulo chake, ndipo tinkamvana ndi Chingerezi chothyoka ndi manja.

Chimene chinandipweteka si dzuwa. Anthu akumeneko sapatsana moni. Munthu amatha kukudutsa m'mawa, mapewa kukhudzana, osafunsa kuti wadzuka bwanji, ana ali bwanji, kunyumba kwacha bwanji. Sabata yoyamba ndinkapereka moni kwa aliyense, mpaka ndinapezeka ndikupereka moni kwa makina opopa madzi, ndipo iwo okha ndiwo ankayankhako ndi kaphokoso. Lamulungu kunalibe belu. Ndinkadzuka, kuvala jekete ija, kukhala pabedi n'kuimba nyimbo ziwiri za kutchalitchi ndekha, kenako kuvula jekete. Mnzanga wina wa kumudzi anamwalira ine ndili komweko. Ndinamva pafoni ndili pakati pa tomato, ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe woti ndimuuze amene akanadziwa kuti malemuyo anali ndani. Ndinapitiriza kuthyola tomato.

Tsopano ndinene za mizere.

Sabata yachiwiri, pa tsiku lopuma, ndinadzuka m'mamawa manja akundiyabwa. Kuseri kwa nyumba zathu kunali munda wina waukulu ndithu, wosalazidwa bwino ngati bwalo la mpira, wopanda mzere ndi umodzi womwe. Pamwamba pake panali patatayidwa timapaipi takuda tating'onoting'ono, tambirimbiri, kuchokera uku mpaka uko. Mtima unandipweteka. Ndinati anthu awa ali ndi ndalama, ali ndi mathirakitala, koma munda ausiya chonchi ndi zinyalala pamwamba, nyengo yobzala ili pafupi. Ndinaganiza zowathandiza, komanso zoti aone kuti ku Mchinji sikuchokera alesi.

Ndinatulutsa khasu langa, ndinaliika pa mpini wa fosholo yothyoka. Timapaipi tija ndinatikulunga bwinobwino, kamodzikamodzi, n'kutiunjika pambali mwaudongo kuti mwini wake akatifuna atipeze. Kenako ndinayamba. Abale anga, dothi lake linali lofewa ngati ufa wosefa, ndipo penapake linali lonyowa, chimene ndinachitenga ngati dalitso. Sindinalimepo mizere yokongola chotero m'moyo wanga. Pofika masana munda wonse unali utavala mizere, yowongoka moti mbalame zinkasintha njira kuti ziuluke motsatira.

Kapitawo anafika ndikupukuta thukuta. Anali munthu wamtali wa chipewa chachikulu. Anaima, anayang'ana mizere, anayang'ana mulu wa mapaipi, anayang'ana ine. Kenako anakhala pansi pa mzere wanga wabwino kwambiri n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. Ine ndinaganiza kuti wagwidwa ndi kukongola kwa ntchito.

Pang'onopang'ono, ndi Chingerezi chothyoka chija, ndinamva. Timapaipi tija sitinali zinyalala. Tinali ndi timabowo todonthezera madzi, dontho limodzi limodzi, pa mbewu iliyonse. Ndipo mbewuzo zinalimo kale. Anali atafesa anyezi masiku atatu apitawo, m'munda wonsewo, ndi makina. Ine ndinali nditawakwirira onse pansi pa mizere yanga, mozama moti akanamera akanatulukira ku Ludzi.

"Longedza katundu," anatero kapitawo. "Abwana akubwera. Mawa ukukwera ndege."

Ndinakhala pamthunzi wa thanki ndi sutikesi yanga. Sindinaganize za ndege, kapena za anyezi. Ndinkamva mawu a a Jelasi. Ndinkadziona ndikutsika minibasi patangopita masabata awiri, ndili ndi khasu lomwelo, anthu akufunsa kuti kunja kuja kwatha kale? Ndinkaona mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wawo uja, akutsitsa pampu yake m'dimba la akazi anga. Ndinaganizako zothawa, kungoyenda kulowa m'chipululu, koma ndinakumbukira mawu aja a Mayi Nyirenda. Ndinatembenuza kontirakiti n'kuimba.

"Mayi, ndine Mbewe. Kwavuta."

"Mwavulala?"

"Ayi. Ndalima mizere."

Mayi Nyirenda anati, "Khasu munalitenga."

"Linanditsatira lokha, mayi."

"Khalani pomwepo. Abwana anuwo akafika mundipatse."

Mwini famu anafika pa galimoto, mkulu wa imvi, nkhope itafiira. Ndinamupatsa foni ndi manja awiri. Analankhulana nthawi yaitali ndithu, ndipo mayunitsi anali a Mayi Nyirenda, chifukwa anga atatha anaimbanso okha. Zimene ananena ndinadzazimva pambuyo pake. Sanandiikire kumbuyo kuti sindinalakwe. Anamuuza kuti kwathu mwana amaphunzira mzere asanaphunzire kulemba dzina lake, ndipo mlimi wa ku Malawi akaona munda wosalala amaona munda wamasiye. Anamuuza kuti munthu uyu walakwa pa tsiku lake lopuma, popanda womutuma, pofuna kuthandiza. Anavomera kuti nawonso ofesi inayenera kutifotokozera bwino za ulimi wa mapaipi tisananyamuke. Pomaliza anamupempha kuti asanandithamangitse, ayambe wayenda m'mundamo aone ntchitoyo.

Mkuluyo anayendadi. Anatenga chingwe m'galimoto, anakoka kuchokera kumayambiriro a mzere wina mpaka kumapeto. Chingwe ndi mzere zinagona pamodzi ngati mapasa. Anayesa wina, chimodzimodzi. Anandifunsa kuti tinalipo angati. Ndinati ndekha. Anafunsa kuti ndinagwiritsa makina anji. Ndinamuonetsa khasu. Analitenga, analitembenuza, n'kukaliika m'galimoto mwake.

Chigamulo chinali chakuti ndikhale, koma ndisalaze munda wonse ndi manja anga, ndiyalenso paipi iliyonse pamalo pake, ndipo khasu likhala pakhoma la ofesi mpaka tsiku lopita kwathu. Kugumula mizere ija kunandipweteka kuposa kuzula dzino. Koma poyala mapaipiwo ndi pamene ndinaphunzira. Ndinaona mmene thanki amaikwezera pamwamba kuti madzi azitsika okha, mmene amasefera madzi kuti timabowo tisatsekeke, mmene amatsekera kumapeto kwa paipi, ndi mmene dontho limodzi pa tsinde limaposera ndowa yonse yokhuthulidwa pa masamba. Abwana ataona kuti diso langa silikhota, ntchito yoyala mapaipi pafamu yonse inakhala yanga. Alendo akabwera ku ofesi ankawaonetsa khasu lija pakhoma n'kuloza ine, ndipo ine ndinkakweza chipewa.

Zonsezi ndinkazitumiza kwathu m'mawu a pafoni, madzulo aliwonse ndikaweruka. Ndinkawauza akazi anga za dzira limene linapsa m'thumba la malaya, za ngamila imene inandiyang'ana ngati a Jelasi, za tomato wamkulu moti tinkamunyamula anthu awiri. Ndinkawauzanso za mapaipi, mwatsatanetsatane, poti ndizo zinali m'mutu mwanga tsiku lonse. Iwo ankaseweretsa mawuwo pakhonde anthu ali pomwepo, ndipo mudzi wonse unkaseka. A Jelasi akuti anati, "Dzuwa lamulowa m'mutu mkamwiniyu. Mbewu imwe madzi ngati wodwala wa pa diripi?" Nditatumiza zithunzi anati zithunzi za masiku ano amaphika pafoni.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma ndinene zoona, sizinali zochuluka monga mmene anthu amaganizira munthu akakwera ndege. Zina zinkapita kusukulu ya Chisomo, zina kuchipatala apongozi aamuna atadwala, zina pa zipepeso za maliro amene sindinapiteko. Zotsala ndinkasungira pampu. Nthawi zonse ndikafunsa za dimba, akazi anga ankayankha mawu amodzi: "Lilipo." Ndikafunsa kuti a malume akuti chiyani, ankati, "Akulankhula." Chilimwe choyamba chinadutsa. Chachiwiri chinayamba. Mawu akuti "lilipo" ndinkawatembenuza uku ndi uku ngati chimanga chowotcha, osadziwa ngati akutanthauza kuti lilipo lathu kapena lilipo la eni ake.

Kontirakiti inatha chilimwe chachiwiri chili kumapeto. Mwini famu anatsitsa khasu pakhoma yekha n'kundipatsa ndi manja awiri, monga ndinamupatsira foni tsiku lija. Ku Lilongwe ndinagula pampu yaing'ono ya sola, ndinailipirira mpando wake m'minibasi, ndipo inakhala pawindo ine ndili pakati. Ndisanapite kumudzi ndinatsikira paboma. Mayi Nyirenda ndinawapeza pa tebulo lomwe lija, panja pali anthu pabenchi yanga ija. Ndinawapatsa paketi ya zipatso za kanjedza. Poyamba anakana, mpaka nditawauza kuti ntchito inatha kale, ichi si chiphuphu koma chiyamiko. Ndinafuna kunena zambiri koma ndinangoti, "Mayi, mukanapanda kuyankha foni ija."

"Ndi ntchito yanga, a Mbewe. Koma dziwani kuti aliyense wonyamuka pano tsopano ndimamuuza nkhani yanu, ndipo sutikesi ndimasecha ndekha."

Pakamwa pawo panagwedera pang'ono. Ndikulumbira kuti kunali kuseka, ngakhale mboni ndilibe.

Ndinafika kumudzi dzuwa lili pamutu, pampu ili pa kabaza wina, ine pa wina. Sindinalowe n'komwe m'nyumba. Ndinafunsa Chisomo kuti mayi ake ali kuti, anati kudimba, ndipo ndinatsetsereka ndi nsapato zanga zatsopano, ndikukonzekera kupeza mlamu wanga ali mkati.

Madimba ena onse anali otuwa, monga amakhalira mvula ikachedwa. Limodzi lokha linali lobiriwira. Pakona pake panali thandala la mitengo lalitali kuposa munthu, pamwamba pali mgolo wabuluu, kukamwa kwake atamanga nsalu yosefera. Kuchokera pa mgolowo panatsika paipi, n'kugawikana m'timapaipi takale tolumikizalumikiza ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinagwada n'kuyang'ana. Timabowo anaboola ndi singano yotentha, kamodzi pa tsinde lililonse la tomato. Kumapeto anapinda n'kumanga ndi waya. Madzi ankadontha, dontho limodzi limodzi. M'dimba monsemo munalibe mzere.

"Mwafika, bambo a Chisomo?" Akazi anga anatuluka pakati pa tomato, chidebe chili m'manja.

"Nabanda, izi anakupangirani ndani?"

"Inu. Simunanena kuti thanki ikhale pamwamba? Mgolo ndinagula ndi ndalama ya mwezi wachitatu. Mapaipi ndi aja anatayidwa ku esiteti kwanu kuja. Oyamba anatsekeka onse, ndinalira, kenako munatumiza mawu a zosefa madzi."

"Koma mudzi wonse unkati ndikunama."

"Munkanamadi. Za dzira lija, za tomato wonyamula anthu awiri. Koma mukafika pa mapaipi mawu ankatsika."

Ndinafunsa za a Jelasi. Anati anabwera chilimwe choyamba chomwe, mlamu wanga ali pambuyo ndi pampu yake. Anazungulira dimba kawiri, anagwada, anaika chala pansi pa kabowo n'kudikira dontho. Atadzuka anangoti, "Dimba ili lili ndi mwini wake," n'kubwerera. Akuti tsiku limenelo ansembe anamaliza ulaliki wonse popanda kuimitsa, mpaka anadabwa okha.

"Ndiye nkhani inatha chaka chatha? Bwanji osandiuza? Ine ndakhala ndikuonda ndi mawu anu aja akuti lilipo."

"Ndikanakuuzani mukanasiya ntchito pakati n'kubwera kudzandithandiza. Ndipo thandizo lanu ndinalimva mmene limathera."

Ndinakhala pansi m'mphepete mwa dimbamo. Zaka ziwiri ndinkaganiza kuti kwathu kwaima chiimire, kukudikira ine ndi pampu yanga kuti ndidzapulumutse. Koma kwathu kunkayenda. Dimba silinali kudikira mkamwini, linali ndi mwini wake kuyambira kale, ndipo mwini wakeyo ankangofuna munthu woti apite kutali akaone, abwere ndi mawu. Boma linandilipirira pasipoti, Mayi Nyirenda anandisungira ntchito, mkulu wa imvi uja anandikhululukira anyezi ake, ndipo zonsezo zinadzathera pa singano yotentha m'manja mwa Nabanda. Pampu ija sinapite pachabe. Tsopano ndiyo imakweza madzi mu mgolo, ndipo akazi anga anasiya kukwera makwerero ndi chidebe pamutu. Pamaliro mpando amandipatsa, ngakhale ndaona kuti amayamba apereka kwa Nabanda.

M'mawa mwake ndinadzuka manja akundiyabwa. Ndinaika khasu langa pa mpini watsopano n'kuyamba kutsetsereka. Kumunsi kwa dimba kunali kachigawo kosalala, kopanda kanthu, kooneka kamasiye.

"Bambo a Chisomo." Mawu anachokera pakhonde. "Khasulo mukupita nalo kuti?"

"Kungoyendera, Nabanda."

"Pamenepo ndafesa anyezi dzana. Bweretsani kuno."

Analikoloweka pakhoma, pamwamba pa kalendala ya kutchalitchi, ndipo anati ndidzalitenga mvula ikagwa, la kumunda wa chimanga. Alendo akabwera amawaonetsa n'kuloza ine. Ndiye ngati mukufuna kuona khasu limene lamangidwapo m'mayiko awiri pa mlandu umodzi, bwerani kwathu. Ndikulumbira, ndipo mvetserani bwino, mawu anga atsika.